Mmene Mungasamalire Phazi Mukachitidwa Opaleshoni ya Bunion

Anthu ambiri amene achitidwa opaleshoni yowongola chala chachikulu chakuphazi salakwitsa tsiku loyamba. Tsiku limenelo phazi limakhala lili m'chibandeji, mantha akadalipo, ndipo munthu amamvera chilichonse chimene adokotala anena. Amadzalakwitsa sabata yachitatu, ululu utazilala, ulusi atachotsa, bala likuoneka louma. Pamenepo munthu amadziuza kuti basi wachira, n'kuyamba kuzungulirazungulira m'nyumba, kutsuka mbale choimirira, kukwera masitepe. Pofika madzulo phazi latupa mpaka nsapato kukana, ndipo likugunda ngati muli mtima wina m'katimo.

Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti khungu ndi fupa sizichira pa liwiro limodzi. Bunion ndi chotupa cholimba chija cha m'tsinde mwa chala chachikulu, chimene chimabwera chalacho chikapendekera kwa zinzake. Pokonza, dokotala samangopala chotupacho. Nthawi zambiri amadula fupa lalitali limene lili kumbuyo kwa chalacho, n'kulisunthira pamalo pake, kenako n'kulimanga ndi tisikuluwu kapena tiwaya. Ndiye kuti mwatuluka m'chipatala ndi fupa lothyoka, kungoti lathyoledwa dala komanso mwaluso. Khungu limalumikizana m'masabata awiri. Fupa limafuna masabata 6, mwinanso mpaka 12.

Masiku amene ali m'munsimu ndi amene amachitikira anthu ambiri. Dokotala wanu akanena zosiyana, tsatirani zake, chifukwa ndi iyeyo amene anaona fupa lanu.

## Zoti mukonzeretu musanapite kuchipatala

- Nsapato yapadera ya opaleshoni, yolimba kunsi, yomanga ndi zomata. Funsani ngati adzakupatsani kapena mukagule nokha.
- Ndodo ziwiri zoyendera, zoyezedwa pa msinkhu wanu. Onani ngati mphira za kunsi kwake sizinaperepeseke.
- Mapilo atatu kapena anayi, olimbirako.
- Ayisi ndi kathawulo komukulungira.
- Matumba aakulu apulasitiki ndi selotepi, zophimbira phazi posamba.
- Mpando wapulasitiki wokhalira m'bafa.
- Choyezera kutentha kwa thupi.
- Pepala ndi cholembera, zolembera nthawi imene mwamwa mankhwala.
- Nsapato ya phazi labwinolo yokhuthala kunsi, yoti ifanane kutalika ndi ya opaleshoni ija.
- Kachikwama kobereka. Manja onse awiri akagwira ndodo, foni kapena botolo la madzi mulibe poligwirira.
- Zovala zotakasuka miyendo, zoti bandeji idutse.
- Munthu wamkulu wokhala nanu, makamaka maola 24 oyamba.

Chotseranitu pansi chilichonse chokola phazi: timakapeti, zingwe zamagetsi, zidole za ana. Ngati chipinda chanu chili pamwamba, samukirani pansi, pafupi ndi chimbudzi.

## 1. Funsani mafunso awa musanatuluke

Funsani mutu ukadali bwino, kapena wokuperekezani afunse n'kulemba. Kodi ndikhoza kupondera phazili, ndipo ndizipondera pati? Ndidzabwerenso liti? Kodi bandeji ndiisinthe ndekha kapena ndisaikhudze? Kodi ndikufunika mankhwala oteteza kuti magazi asaundane? Zikavuta usiku, ndiimbire ndani?

Funso loyambalo ndi limene lili lalikulu. Opaleshoni zotchedwa chevron ndi scarf nthawi zambiri zimalola munthu kupondera chidendene atavala nsapato yapadera kuyambira masiku oyamba. Ya Lapidus, imene amalumikiza mafupa awiri chapakati pa phazi, madokotala ambiri saloleza kupondera kwa masabata angapo. Choncho mnzanu amene akukuuzani kuti iye ankayenda mawa lake lomwe mwina sakunama, koma n'kutheka kuti anamuchita opaleshoni ina.

## 2. Imwani mankhwala dzanzi lisanathe

Pa opaleshoniyi amakonda kubaya jakisoni wochititsa dzanzi pa akakolo kapena kuseri kwa bondo. Dzanzilo limatha pakapita maola 12 mpaka 24, ndipo kawirikawiri limathera pakati pa usiku. Amene anagona akuti "sizikupweteka, ndimweranji" amadzidzimuka phazi likuyaka moto, ndipo ululu ukafika pamenepo umavuta kuubweza. Imwani mankhwala oyamba oletsa ululu musanagone tsiku lomwelo, ndipo masiku awiri kapena atatu oyamba muzimwa motsata wotchi, osati motsata ululu.

Chenjezo: munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 a paracetamol pa maola 24, amene ndi mapiritsi 8 a 500 mg. Wochepa thupi kwambiri kapena wodwala chiwindi amafunika ochepera pamenepo. Werengani pa paketi ya mankhwala ena amene mwapatsidwa, chifukwa ena ali kale ndi paracetamol m'kati mwake. Ibuprofen ndi diclofenac musamwe musanafunse. Amavulaza amene ali ndi zilonda zam'mimba kapena vuto la impso, ndipo madokotala ena sawafuna pa nthawi imene fupa likulumikizana. Codeine ndi tramadol amadzimbitsa, ndiye muzimwa madzi ambiri ndi kudya zipatso ndi masamba.

## 3. Kwezani phazi, ndipo mulikweze zenizeni

Pa malangizo onsewa, awa ndi amene ndimaona kuti amasiyanitsa ochira msanga ndi ovutika miyezi. Ndi amenenso anthu amawachita mwachiphamaso.

Kukhala pampando phazi lili pa kasitulu si kukweza. Phazi limakhala likadali m'munsi mwa mtima, ndipo madzi amangotsikirabe komweko. Gonani chagada, muike mapilo kuyambira kuseri kwa bondo mpaka kuchidendene, kuti phazi likhale pamwamba kuposa chifuwa chanu. Bondo lipindike pang'ono. Mukaika pilo pansi pa chidendene chokha, mwendo umalendewera ndipo bondo limayamba kuwawa pasanathe ola.

M'masabata awiri oyamba, phazi lizikhala m'mwamba pafupifupi nthawi yonse. Dzukani popita kuchimbudzi, posamba, ndi poongola thupi kwa mphindi zochepa, kenako bwererani. Mudzadzionera nokha chifukwa chake. M'mawa mukangotsitsa mwendo pabedi, magazi amathamangira kuphazi, zala zimasanduka zofiirira modera, bandeji imathina, ndipo pamabwera kugunda kolemera kumene kumakupangitsani kuluma mano. Mukaukwezanso mwendowo, pakapita mphindi zochepa zala zimabwerera mtundu wake. Zimenezi si zoopsa. Ndi phazi likukuuzani nthawi imene lingapirire lili pansi.

Nkhani yake si ya ululu wokha. Phazi likatupa kwambiri khungu limakokeka, ulusi umakoka m'mphepete mwa bala, ndipo bala limachedwa kutsekeka kapena limatseguka. Bala lotseguka pamwamba pa fupa lokhala ndi zitsulo ndi khomo la matenda amene amavuta kuchiza. Masabata awiri ogona amatopetsa, inde, koma ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi ya mabandeji.

Usiku bulangete likamalemera pa zala, ikani katoni yopanda mbali imodzi kumiyendo kwa bedi, bulangete lidutse pamwamba pake.

## 4. Ikani ayisi mosamala

Mukulungeni m'kathawulo, muike kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Popeza bandeji ndi yokhuthala ndipo siyenera kunyowa, ikani pamwamba pa akakolo kapena kuseri kwa bondo. Musaike pakhungu limene likadali ladzanzi, chifukwa likhoza kupsa ndi kuzizira inu osamva. Odwala shuga ndi amene magazi sayenda bwino m'miyendo afunse kaye.

## 5. Bandeji ikhale youma ndipo musaimasule

Bandeji ya opaleshoniyi siyongophimba bala. Anaikulunga mwanjira yoti igwire chala chachikulu pamalo pamene achiwongolera, pa nthawi imene minofu yozungulira ikugwirana. Mukaimasula chifukwa ikuyabwa kapena mukufuna kuona m'kati, simungathe kuibwezera mmene inalili.

Posamba, lowetsani phazi m'thumba lapulasitiki, mumate ndi selotepi m'munsi mwa bondo, kenako valaninso thumba lachiwiri n'kumata pamwamba pang'ono. Khalani pampando, mwendo uli kunja kwa madzi. Musadalire matumbawo mpaka kuimika phazi pamene pakugwa madzi, chifukwa madzi amatsata khungu n'kulowa. Masiku oyamba kungodzipukuta ndi thawulo lonyowa n'kokwanira.

Bandeji ikanyowa mpaka m'kati, musaiumitse ndi kutentha. Pitani akaisinthe tsiku lomwelo. Kadontho ka magazi pa bandeji si kachilendo. Kazungulizeni ndi cholembera kuti muone ngati kakukula. Kakamakulirakulira phazi lili m'mwamba, imbani foni kuchipatala. Ngati pali kawaya kotulukira kunsonga ya chala, musakakoke kapena kukapotoza. Adzakachotsa okha pakapita masabata angapo.

## 6. Phunzirani kuyenda ndi nsapato yapadera ndi ndodo

Valani nsapatoyo nthawi iliyonse imene phazi likukhudza pansi, ngakhale pongopita kuchimbudzi usiku. Ngozi zambiri zimachitika pa maulendo afupiafupi otere, munthu ali ndi tulo m'maso. Siyani nyale yoyaka m'njira.

Ngati mwaloledwa kupondera, ponderani chidendene, osati zala. Phazi lipite lathyathyathya, osalipinda kutsogolo ngati mmene timayendera masiku onse. Mapazi akhale afupiafupi. Ngati ndodo zanu ndi zofika m'khwapa, kulemera kwa thupi kukhale m'manja, osati m'khwapa, chifukwa mumadutsa mitsempha imene ikapanikizika dzanja limachita dzanzi.

Pa masitepe, pokwera tsogozani mwendo wabwino, wodwala ndi ndodo zitsatire. Potsika tsogozani ndodo ndi mwendo wodwala, wabwino utsatire. Ngati mukuchita mantha, khalani pansi muzikwawa ndi matako sitepe imodziimodzi. Palibe chamanyazi pamenepo.

Nsapato ya opaleshoni imakhala yotalika kunsi. Mukavala patapata ku phazi linalo, mumayenda chopendekera, ndipo pakatha sabata msana ndi chiuno zimayamba kudandaula. N'chifukwa chake pa mndandanda uja pali nsapato yokhuthala ya phazi labwino.

## 7. Tetezani magazi kuti asaundane, ndipo dziwani zizindikiro zoopsa

Mwendo umene sukuyenda ukhoza kuundana magazi m'mitsempha yam'kati. Ola lililonse mukakhala maso, pindani ndi kuwongola bondo kangapo, limbitsani minofu ya ntchafu n'kuimasula, ndipo ngati mwaloledwa, yendetsani akakolo m'mwamba ndi m'munsi. Imwani madzi okwanira. Ngati anakupatsani jakisoni kapena mapiritsi osungunula magazi, malizani onse. Uzani dokotala ngati munadwalapo vutoli kapena mukumwa mapiritsi olera.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi:

- katumba watupa, walimba, watentha kapena akuwawa;
- thupi latentha kufika madigiri 38 kapena mukunjenjemera;
- bandeji ikununkha, pakutuluka mafinya, kapena kufiira kukukwera chakumwendo;
- ululu ukuwonjezeka tsiku ndi tsiku m'malo mochepa;
- zala zazizira, zayera mbuu kapena zachita bii, ndipo sizikusintha ngakhale mwakweza phazi;
- mwagwa kapena mwapunthwa mwamphamvu ndi phazilo.

Kubanika mwadzidzidzi, kuwawa pachifuwa kapena kutsokomola magazi ndiye musadikire n'komwe kuti kuche. Chikhoza kukhala chizindikiro chakuti magazi oundana afika m'mapapo.

Koma kubiriwira kumene kumafalikira ku zala ndi kuchidendene masiku oyamba kusakuopseni. Ndi magazi a pa opaleshoni amene akutsetsereka pansi pa khungu, ndipo amazimiririka okha.

## 8. Kuchotsa ulusi

Amachotsa pakapita masiku 10 mpaka 14. Phazi mukadzaliona koyamba lidzakhala lotupa, lamawangamawanga, khungu likusupuka. Ndi mmene limaonekera. Ena amapatsidwa kampira koika pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, kapena amawaonetsa kamangidwe ka chala ndi tepi. Jambulani pa foni mmene akumangira, chifukwa mukafika kunyumba mudzakhala mutaiwala kuti tepi inayambira mbali iti. Funsani tsiku limene mungayambe kunyowetsa phazi. Kuliviika m'beseni kumadikira mpaka nkhanambo yonse itagwa yokha.

## 9. Sabata yachitatu mpaka ya 6: dzigwireni

Apa ndi pa msampha uja. Bala latseka, mankhwala mwasiya, anthu a m'nyumba atopa kukutumikirani, inunso mwatopa kutumikiridwa. Koma fupa likadali lanthete, ndipo chimene chikuligwira ndi tizitsulo tija basi. Mukalilemetsa, likhoza kusuntha n'kulumikizana molakwika, kapena kulephera kulumikizana, ndipo mankhwala ake nthawi zina ndi opaleshoni ina.

Wonjezerani kuyenda pang'onopang'ono. Yesani motere: ngati lero mwaima mphindi 10 ndipo madzulo phazi silinatupe kuposa dzulo, mawa onjezani pang'ono. Ngati latupa, bwererani m'mbuyo tsiku limodzi kapena awiri. Mukangokhala pansi, phazi likwere. Nsapato yapadera ija musaivule poyenda, ngakhale itatha kukongola.

Fodya ndiye mdani wa fupa. Amachepetsa magazi ofika pabala, ndipo osuta ndi amene kawirikawiri mafupa awo amachedwa kapena kulephera kulumikizana. Ngati simungasiyiretu, siyani mpaka fupa litagwira. Odwala shuga ayeze pafupipafupi, chifukwa shuga wokwera amachedwetsa bala ndi kuitana matenda. Idyani mokwanira, makamaka zakudya zomanga thupi. Ino si nthawi yodzimana chakudya poopa kunenepa chifukwa chongogona.

## 10. Yambani kupinda chala mukaloledwa

Chala chimene chakhala chomangidwa masabata angapo chimauma, ndipo chikauma kuyenda kumavuta, chifukwa pa phazi lililonse limene timaponda chala chachikulu chimapindikira m'mwamba. Madokotala amasiyana pa tsiku loyambira, ndiye dikirani akuuzeni. Ngati pa opaleshoni yanu analumikiziratu mfundo ya chalacho kuti isamapindike, gawo lino si lanu.

Khalani pansi, mwendo wodwala muusanjike pa bondo linalo. Ndi dzanja limodzi gwirani phazi molimba kumbuyo kwenikweni kwa mfundo ya chala chachikulu. Ndi linalo gwirani chalacho m'tsinde mwake, pafupi ndi mfundoyo. Chikankhireni m'mwamba pang'onopang'ono mpaka mumve kukoka, gwirani masekondi 10, kenako chitsitseni m'munsi chimodzimodzi. Bwerezani kangapo, katatu patsiku. Ambiri amagwira kunsonga pafupi ndi chikhadabo, ndiye imapindika ndi mfundo yaing'ono ya kutsogolo, yofunikayo ili chiumire. Kukoka kowawa pang'ono n'koyenera. Ululu wobaya ndiye siyani. Musachikankhire chala cham'mbali.

Nkhanambo ikatha, tikitani chipsera ndi mafuta opanda fungo kwa mphindi zingapo patsiku kuti chisamatirire ku minofu yapansi. Dzanzi la m'mbali mwa chipsera limachitika chifukwa ka mtsempha ka pakhungu kamadutsa pomwepo. Kwa ambiri limachepa pakapita miyezi.

## 11. Kujambulitsa fupa ndi kubwerera ku nsapato wamba

Cha m'sabata ya 6 amajambula phazi pa X-ray kuti aone ngati fupa lagwira. Chithunzicho ndi chimene chimakumasulani ku nsapato yapadera, osati kalendala.

Nsapato zanu zakale sizidzalowa, ndipo musazikakamize. Pezani yazingwe, yofewa pamwamba, yotakasuka kuzala, yolimbirako kunsi, mwina yokulirapo saizi imodzi. Kayeseni madzulo, pamene phazi latupa kale. Tsiku loyamba ivaleni ola limodzi m'nyumba, kenako muziwonjezera.

Mudzapeza kuti mukuyendera m'mphepete mwa phazi, kuzemba chala chachikulu. Ndi chizolowezi cha masabata apitawo, ndipo chikakhalitsa chimapweteketsa zala zing'onozing'ono ndi akakolo. Yendani pang'onopang'ono mukuganizira phazi lililonse: chidendene, pakati, kenako kukankha ndi chala chachikulu. Zikakanika, pemphani akutumizeni kwa a fizo, amene amathandiza odwala kuongola ndi kulimbitsa ziwalo.

## 12. Galimoto, ntchito ndi masewera

Ngati ndi phazi lamanja, kapena galimoto yanu ndi ya giya yapamanja, ambiri amadikira masabata 6 mpaka 8. Musayendetse mutavala nsapato ya opaleshoni. Yesani kaye galimoto itaima: pondani buleki mwamphamvu ngati mwana wadumphira mumsewu. Mukazengereza kapena kumva ululu, nthawi sinakwane.

Ntchito yokhala pansi ena amabwererako pakapita masabata awiri mpaka 6, bola pakhale pokwezera phazi. Yoimirira tsiku lonse kapena yonyamula katundu imatha kudikira miyezi itatu. Kusambira ndi kupalasa njinga yochitira masewera zimayamba msanga kuposa kuthamanga ndi kudumpha, zimene zimadikira miyezi itatu mpaka 6. Ulendo wautali wa pandege m'masabata oyamba funsani kaye, chifukwa cha nkhani ya kuundana kwa magazi ija.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kuona kutupa ngati chizindikiro chakuti opaleshoni yalephereka. Phazi ndi chiwalo cham'munsi kwambiri m'thupi, ndipo kutupa kwake kumatha kukhala miyezi 6 mpaka chaka. Kutupa kumene kumabwera madzulo n'kuphwa m'mawa n'kwa masiku onse. Kodetsa nkhawa ndi kobwera mwadzidzidzi, kotentha, kofiira, kapena kofika pa katumba.

Kupaka zinthu pabala. Mafuta, mankhwala ophera majeremusi ogula nokha, ufa wa makapisozi, zonsezi zisafike pabala limene lisanatseke pokhapokha achipatala atanena.

Kuyenda wopanda nsapato m'nyumba. Mwendo wa tebulo umene mwakhala mukuulambalala zaka zonsezi umadzapezana ndi chala chomwecho.

Kuopa kupinda chala. Ena amalakwitsa mbali inayo. Amaloledwa kuyamba mafizo koma amachisiya chala osachikhudza poopa kuthyola, ndipo pofika mwezi wachitatu chimakhala chitauma ngati mtengo.

Kujomba tsiku lobwerera kuchipatala chifukwa zonse zikuoneka bwino. Fupa limene lasuntha pang'ono kapena likuchedwa kugwira nthawi zina silipweteka poyamba. Limaoneka pa chithunzi chokha.

Kuthamangira nsapato zosongoka ndi zazitali chidendene. Dikirani miyezi yosachepera 6, ndipo ngakhale pamenepo zikhale za apo ndi apo, kwa maola ochepa. Bunion imatha kubwereranso, ndipo nsapato yofinya zala imakankhira chala komwe chinachokera. Kuti mudziwe zoyenera kusunga, imani pa pepala madzulo, wina ajambule mzere kuzungulira phazi lanu, kenako ikani nsapato iliyonse pamwamba pa chojambulacho. Iliyonse imene mzere wa kuzala ukuonekera kunja kwake, ichotseni pa shelefu.